Kukhuthala kwa paipi si kumene kumaiteteza ku chivomezi

Ambiri amaganiza kuti paipi yamadzi ikakhala yokhuthala, yachitsulo cholimba gwa, chivomezi sichingaiwononge. Si choncho ayi. Nthaka ikagwedezeka, kawirikawiri paipi siduka pakati. Imazuka polumikizira, pomwe mutu wa paipi ina umalowa mu inzake.

Anthu a ku Kobe, ku Japan, adadzionera okha pa 17 Januwale 1995, chivomezi chachikulu chitagwedeza mzinda wawo. Mapaipi adasololoka m'malo ambirimbiri, makamaka cha kudoko komwe nthaka yochita kuthira idasanduka ngati phala. Ozimitsa moto adasowa madzi nyumba zikuyaka. Padatenga miyezi pafupifupi itatu kuti madzi abwerere mumzinda wonse.

Amene adapirira ndi mapaipi olumikizidwa mwa mtundu wina, monga opangidwa ndi kampani ya Kubota. Polumikizirapo pamalola paipi kulowa, kutuluka pang'ono ndi kupendeka, koma mkati muli mphete yachitsulo yomwe imaikola ikafuna kuzukiratu. Mzere wonse umayenda ndi nthaka ngati tcheni, osati ngati ndodo. Mzinda wa Los Angeles udayamba kuwayesa mu 2013. Ndi odula ndithu, n'chifukwa chake mizinda imayambira mizere yopita kuzipatala.