Chikangawa ndi khofi wa Mzuzu: boma linalowa bwanji, linatuluka bwanji

Anthu akamakangana zoti boma lizichita bizinesi kapena lizisiyira anthu wamba, ife a ku Mzuzu nkhani imeneyi tinaiona ndi maso. Tauni inoyi inayamba ndi ndalama za boma la Britain, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kampani yawo ya chitukuko ya CDC inali ndi esiteti ya tung, mitengo yomwe mbewu zake amayengera mafuta, anthu nkuyamba kubwera kudzafuna ntchito, mpaka mu 1985 Mzuzu inakhala mzinda.

Nthawi ya Kamuzu boma limagwira chilichonse. Ku Chikangawa anadzala paini mahekitala opitilira 50,000, cholinga chinali fakitale ya mapepala yomwe amati idzamangidwa ku Chintheche koma siinamangidwe, mitengo inangokula. Khofi wa alimi ang'onoang'ono nayenso anali m'manja mwa Smallholder Coffee Authority, bungwe la boma, ndipo mlimi wa ku Misuku kapena ku Phoka analibe mawu pa mtengo, amangolandila zomwe wapatsidwa.

Kenako kunabwera malamulo a World Bank ndi IMF, ndipo nthawi ya Muluzi mu 1996 anakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma. Apa ndi pomwe njira zinasiyana. Khofi anamupereka kwa alimi eni ake mu 1999, mu 2007 anapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mavuto alipo inde, ngongole, ndalama kuchedwa, koma mlimi ali ndi pokafunsa chifukwa bungwe ndi lake.

Ku Chikangawa ndiye kumandipweteka mtima. Fakitale ya matabwa ya boma yomwe inali kumeneko inapita kwa kampani ya Raiply pamodzi ndi gawo lina la nkhalango, gawo lotsala boma linangogawa malaisensi kwa ocheka matabwa, aliyense ndi macheka ake, mathiraki kumanyamula matabwa usiku ndi usana ena mpaka kuwoloka Songwe, kudzala kochepa, moto chaka ndi chaka, ndipo a zankhalango amene amayenera kulondera analibe ndalama ngakhale galimoto zokwanira. Boma linasiya kucheka matabwa, zomwe ine sindidandaula nazo, koma linasiyanso kuyang'anila, ntchito yomwe palibe wina angaigwire m'malo mwake. Paini amatenga zaka zoposa 20 kuti achekedwe, ndiye wocheka wa laisensi ya chaka chimodzi angadzale bwanji mtengo woti sadzaucheka? Mukadutsa pa M1 kuchoka ku Mzimba mapiri ambiri ndi zitsa zokhazokha.