Ayi, asayansi sanasinthe mawu: chilengedwe chikufutukukabe

Pakangopita miyezi ingapo, uthenga uja umatulukiranso m'magulu a WhatsApp ndi Facebook. Akuti makina atsopano oonera zakuthambo atsimikiza kuti chilengedwe sichikufutukuka, ndipo asayansi avomera kuti akhala akutinamiza. Pamakhala chithunzi chokongola cha nyenyezi, koma dzina la kafukufuku osalipezapo.

Zoona zake ndi izi. Kuwala kochokera ku milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) yakutali kumafika kuno kutafiirirapo, ndipo mlalang'amba ukatalikira kwambiri, kufiirako kumachulukanso, chizindikiro chakuti milalang'ambayo ikunka italikirana nafe. Wasayansi Georges Lemaître analongosola zimenezi mu 1927, wasayansi wina Edwin Hubble n'kuonetsa umboni wake mu 1929. Sikuti milalang'amba ikumwazika kuchokera pamalo amodzi ngati zidutswa za bomba ayi, ukutanuka ndi mpata umene uli pakati pake. Ikani timadontho pa baluni kenako muiuzire: kadontho kalikonse kamatalikirana ndi anzake onse. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson analengezanso za mafunde ofooka a kuwala kosaoneka ndi maso obwera kuchokera mbali zonse za kuthambo, otsalira a nthawi imene chilengedwe chinali chotentha komanso chothinana.

Mkangano ulipodi, koma ndi wa liwiro la kufutukukako. Njira ina yoyezera ikupereka makilomita pafupifupi 67 pa sekondi pa megaparsec iliyonse (mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka zoposa 3 miliyoni), ina pafupifupi 73. Apa ndi pamene opeka mabodza amatolapo nkhani n'kuithira mchere.

Uthengawu ukakupezani, funsani kuti kafukufukuyo anachita ndani, liti, ndipo anasindikizidwa m'magazini iti ya sayansi. Werengani nkhani yonse, osangoti mutu wokha. Ngati mayankho palibe, chonde musautumize kwa ena, ndipo mudziwitseni amene wakutumiziraniyo.