Siyani kutokosa m'khutu

Sabata iliyonse ndimamva mawu omwewa: "Adokotala, khutuli ndimalitsuka bwino koma silisiya kuyabwa." Ndikafunsitsa, kutsukako ndi kutokosa ndi kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku kapena timitengo tathonje ta m'sitolo. Matendawo mukudziitanira nokha. Phula la m'khutu si uve ayi, limateteza khungu lopyapyala la njira ya khutu, yomwe kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 2.5 okha. Mukalikokota khungulo limakandika, madzi osamba amakhala pachilondapo, tizilombo n'kuswana. Khutu limatupa, kuchucha, kupola, mukatokosanso zonse n'kuyambiranso.

Kutsekeka kwa khutu, kuja mumamva potsika phiri la Zomba kapena muli ndi chimfine, ndi nkhani ina. Kuseri kwa mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kotseka kumapeto kwa njira ya khutu, kuli kachipinda ka mpweya, ndipo mpweyawo umalowa kudzera m'kanjira kochokera kuseri kwa mphuno. Kanjirako kakatupa mumamva ngati muli pansi pa madzi. Kamtengo sikafika kumeneko. Mezani malovu, yasamulani, samalani chimfinecho. Koma munthu wamkulu amene khutu limodzi lokha latsekeka kwa milungu ingapo akapimidwe kuseri kwa mphuno, asadikire.

Bambo wina wa matenda a shuga sandichoka m'maganizo. Khutu linamuwawa miyezi iwiri, makamaka usiku. Anayamba ndi mafuta ophikira ofunditsa, kenako madzi a masamba amene wina anamufinyira, kenako mankhwala odontheza ogula pamsika, botolo likatha n'kugula lina. Tsiku limene anafika kwa ife anali atagwira kansalu kupukuta mafinya, mlomo utapotokera mbali imodzi, diso silikutsekeka. Matenda anali atalowa m'fupa n'kukhudza mtsempha woyendetsa nkhope. Akanabwera sabata yoyamba bwenzi zisanafike pamenepo, ndipo zimandiwawabe mumtima.

Wogulitsa mankhwala pamsika sanaonepo m'kati mwa khutu lanu. Sadziwa ngati mwinikhutu ndi woboola, pomwe mankhwala ena odontheza akadutsa pabowolo amatha kugonthetsa. Sadziwanso kuti kudontheza kwa nthawi yaitali kumameretsa chuku m'khutu, timadontho takuda tija timayabwa koopsa.

Khutu likamachucha lisalowe madzi, ndipo mupite kuchipatala akalione ndi chipangizo chounikira. Ngati muli ndi shuga kapena HIV, pitani lero lomwe.