Mkwiyo wa mayi suwononga mkaka wa m'mawere

Anthu amati mayi akakwiya kapena akalira maliro mkaka wake umasasa, ndipo mwana akayamwa amatsegula m'mimba. Limeneli ndi bodza. Mkaka susasa uli m'bere.

Mwana akamayamwa, thupi la mayi limatulutsa mahomoni (timadzi toyendetsa ntchito za m'thupi) awiri: prolactin wopangitsa mkaka, ndi oxytocin wofinya timatumba ta mkaka kuti utsike. Mantha, ululu ndi nkhawa zimakweza homoni ina yotchedwa adrenaline, yomwe imatsekereza oxytocin kwa kanthawi. Mkaka umakhalapo ndithu, kungoti umachedwa kutuluka. Mwana amayamwa pang'ono, n'kusiya, n'kuyamba kulira, apongozi n'kugamula kuti wawonongeka.

Choopsa kwenikweni ndi kumuletsa bere. Bere losayamwidwa limatupa, mkaka umayamba kuchepa, ndipo phala kapena madzi opatsa mwana wosakwana miyezi 6 ndi zimene zingamutsegulitse m'mimba.

Mayi akhale pansi, agoneke mwana pachifuwa pake khungu ligundane, athowe bere ndi kansalu kofunda, ndipo aziyamwitsa ka 8 mpaka 12 pa tsiku, usana ndi usiku. Bambo alandireko ntchito zapakhomo m'malo moonjezera mkangano. Chisoni chikapitirira masabata 2, mayi osapeza tulo, chakudya osachifuna, aperekezedwe kuchipatala.