Monk saponya nkhonya zisanu

Nkhani ya nkhonya za monk, wankhondo womenya chimanjamanja m'masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, ndatopa nayo kuibwereza. Monk akangofika levulo 5, wosewera amatola dayisi n'kuponya kasanu, ati ziwiri za Attack action, imodzi ya Martial Arts, ziwiri za Flurry of Blows. Ayi ndithu. Nkhonya yoonjezera ya Martial Arts ija ndi Flurry of Blows zonse zimadya bonus action (chochita choonjezera pa ulendo wosewera), ndipo bonus action ndi imodzi yokha ulendo wanu wosewera ukafika. Musankhe: nkhonya imodzi yaulere, kapena ziwiri zolipira ki imodzi (ki ndi mphamvu yowerengeka imene monk amalipirira maluso ake). Pa levulo imeneyi zikachuluka ndi zinayi basi.

Ndikunena za Player's Handbook ya 2014, buku la malamulo a osewera. M'menemo munthu wamba akamenya chimanjamanja, kaya ndi chibakera, theche, chigongono kapena mutu, amapweteka ndi 1 kuphatikiza Strength yake. Monk amaponya d4 (dayisi ya mbali zinayi), pa levulo 5 d6, pa 11 d8, pa 17 d10, ndipo amaloledwa kugwiritsa ntchito Dexterity m'malo mwa Strength. Koma mwayi wonsewu umatha akangovala chovala chankhondo kapena kunyamula chishango. Ndiye musamampatse chishango chifukwa chomumvera chisoni kuti akumenyedwa kwambiri. Mukumulanda Martial Arts pamodzi ndi chitetezo chake cha 10 kuphatikiza Dexterity ndi Wisdom.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Stunning Strike, luso lolipira ki imodzi nkhonya ikalasa kuti mdani akomoke. Tengani monk wa levulo 5, wa ki zisanu, Wisdom 14. Mdani ayenera kufika pa 13 poponya dayisi kuti asakomoke: 8, kuphatikiza 3 ya proficiency (ukatswiri wa monk), kuphatikiza 2 ya Wisdom. Ndiye wakumana ndi troll, chilombo chachikulu, amene Constitution yake ndi 20, yomupatsa 5 yoonjezera. Troll akungofuna 8 kapena kuposa pa d20, kutanthauza kuti mwa maulendo 20 amapulumuka 13. Wosewera wathu amalipira ki imodzi ya Flurry, kenako imodzi pa nkhonya iliyonse imene yalasa. Zikalasa zonse zinayi troll n'kumangopulumuka, ki zonse zisanu zatha ulendo umodzi. Nkhondo idakalipo, Patient Defense yozembera nkhonya alibe choilipirira, Step of the Wind yothawira alibenso, wangoima pamaso pa chilombo ndi thupi lopanda chovala. Mawa lake mumumva akudandaula kuti monk ndi wofooka. Si monk, ndi kusankha mdani molakwa. Stunning Strike muisungire amatsenga ndi ena a Constitution yochepa, ndipo ikagwira kamodzi lekani kulipira: mdaniyo wakomoka mpaka kumapeto kwa ulendo wanu wotsatira, anzanu onse akumumenya ndi advantage (kuponya d20 ziwiri n'kutenga yaikulu). Ki zimabwerera pa short rest (kupuma kwakanthawi), bola monk asinkhasinkhe mwakachetechete kwa mphindi zosachepera 30, choncho gulu limene silipuma likumupha monk wake lokha.

Kugwira mdani nako kumasokoneza anthu. Mu 2014 kugwira ndi mpikisano wa Athletics, ndiye kuti Strength, ndipo Dexterity ya monk siilowapo. Monk wa Strength 10 wopanda Athletics amaponya d20 yopanda kanthu. Komanso chibakera si chida, motero lamulo lomenya ndi zida ziwiri siligwira pa manja awiri, ndipo Sneak Attack ya rogue, kupweteka koonjezera kwa wankhondo womenya mozembera, siikwera pa nkhonya.

Tsono chisokonezo chachikulu chabwera ndi buku la 2024, limene Wizards of the Coast inasinthamo zambiri. Dayisi ya monk imayambira pa d6 n'kukathera pa d12, ki anaitcha Focus Points, nkhonya ya bonus action siidikiranso Attack action, Dexterity imaloledwa pogwira ndi pokankha mdani, koma Stunning Strike ndi kamodzi kokha pa ulendo. Osewera ena ochenjera amatola d6 ya buku latsopano n'kusunga Stunning Strike yopanda malire ya buku lakale. Woyendetsa masewera, funsani tsiku loyamba kuti tebulo lino likutsata buku liti, mulembe pamwamba pa pepala la aliyense.

Ndipo chonde, samalani ndi akatswiri odziika okha a pa YouTube amene amalonjeza “kukonza monk” ndi malamulo opeka okha. Wina akuti ki ziwirikizidwe, wina akuti nkhonya iyambire pa d10. Ambiri sanawayese pa nkhondo zingapo zotsatizana, ndipo satchula n'komwe buku limene akunena. Mukawatengera, pofika levulo 8 fighter wa m'gulumo amakhala wongoonerera, inu n'kuyamba kukweza mphamvu za zilombo kuti zilimbane ndi monk mmodzi, zilombozo n'kumapha wizard ndi nkhonya imodzi.

Mukazindikira kuti mwakhala mukulola nkhonya zisanu, musadikire kuti nkhani yonse ithe. Wosewera akazolowera miyezi itatu, kumuchotsera nkhonya yachisanu amakuona ngati chilango, ndipo ena amasiyiratu kubwera. Muuzeni pambali masewera otsatira asanayambe, mutsegule tsamba la monk muwerenge limodzi, ndipo ngati anasankha feat (luso lapadera) kapena kugawa manambala ake podalira lamulo lolakwikalo, muloleni asinthe popanda kutaya kanthu.