Mkatolika wa ku Maryland: anachokera mudzi uti ku England?

Pa 22 Novembala 1633, zombo ziwiri, Ark ndi Dove, zinanyamuka pa doko la Cowes ku Isle of Wight zitanyamula anthu pafupifupi 140. Zitakocheza pa kachilumba ka St Clement's mumtsinje wa Potomac, wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Bambo Andrew White, anachita Misa pa 25 Malichi 1634. Apa ndi pomwe panayambira Maryland, dziko la ku America limene Mfumu Charles I inapatsa Cecil Calvert, Lord Baltimore wachiwiri, yemwe anali Mkatolika.

Anthu ambiri a ku America akamalondola mzere wa makolo awo amafika pagombe limeneli n'kukakamira pomwepo. Dzina la kholo lilipo, munda wake wa fodya ukudziwika, ng'ombe ndi miphika imene anasiyira ana zinalembedwa. Koma ukafunsa kwawo kwa munthuyo, mapepala amangoti zii.

Gwero la vutoli lili ku England komweko. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izisunga kaundula wa ubatizo, ukwati ndi maliro, koma mabukuwo anadzakhala a mpingo wa boma, wa Angilikani. Lamulo la 1559 linati wojomba kutchalitchi Lamlungu azilipira mapeni 12. Mu 1581 chindapusa chinakwera kufika mapaundi 20 pamwezi, ndalama imene mlimi wamba sakanaipeza ngakhale pachaka. Kuyambira 1585, wansembe wa Chikatolika wodzozedwa kunja akapezeka m'dzikomo ankazengedwa mlandu woukira mfumu, ndipo womusunga m'nyumba naye ankayenera kunyongedwa. Ndiye wansembe wobatiza mwana usiku m'chipinda chapadenga akanalemba bwanji mayina m'buku? Bukulo likanagwidwa, bwenzi litapereka mudzi wonse. N'chifukwa chake makaundula ambiri a Akatolika a ku England amayamba pambuyo pa malamulo owapepuza a 1778 ndi 1791, kholo lija litaola kale m'manda a ku Maryland.

Choseketsa n'chakuti amene anasunga bwino mayina a Akatolika ndi omwe ankawazunzawo. Boma linkafuna ndalama zake, choncho linkalemba mosamala. Mipukutu ya zindapusa yotchedwa Recusant Rolls, ya zaka za 1592 mpaka 1691, ili ku National Archives ku Kew, ndipo imatchula dzina, parishi, nthawi zina ntchito ya munthu ndi malo amene anamulanda. Mu 1641 ndi 1642 amuna a zaka 18 kupita m'tsogolo anauzidwa kulumbira kuti adzateteza chipembedzo cha Chipulotesitanti, ndipo m'maparishi ambiri okana analembedwa padera. Wofufuza amayamba ndi kuona kuti dzina la banja lake likuchuluka chigawo chiti m'mipukutu imeneyi. Lancashire ndiye inali phata la Akatolika, ngakhale ena mwa Akatolika oyamba a Maryland anali a zigawo zina. Margaret Brent, amene anafika mu 1638, kwawo kunali ku Gloucestershire.

Mabuku a Angilikani nawo osawataya. Akatolika ambiri ankabatizitsa ana kuparishi kuti cholowa chisadzavute, ndipo manda anali amodzi omwewo. Wina ankapita kutchalitchi mwa apo ndi apo kuti athawe chindapusa, mkazi wake ali kunyumba ndi kolona.

Mabanja olemera ali ndi mwayi wina. Ankatumiza ana awo mozemba kusukulu za kunja, ku Douai, ku St Omer ndi ku English College ku Rome, ndipo ku Romeko wophunzira watsopano ankayankha mafunso olembedwa: makolo ako ndani, unabadwira kuti, abale ako ndi a mpingo uti. Mayankho amenewa ndi chuma, kungoti ambiri ankayenda ndi mayina obisalira. Bambo Thomas Copley, amene anayendetsa mishoni ya ku Maryland, amapezekanso monga Philip Fisher, ndipo wosadziwa angawerenge anthu awiri.

Tsidya la Maryland nalo lili ndi mabala ake. Mndandanda wa okwera Ark ndi Dove palibe. Umene anthu amagwiritsa ntchito lero unachita kulumikizidwa kuchokera m'mabuku a malo. Lord Baltimore ankapereka malo kwa aliyense wolipirira munthu ulendo, poyamba maekala 100 pamutu, kenako 50, mpaka dongosololi linatha mu 1683. Wofuna malo ankatchula mayina a anthu amene anawabweretsa ndi chaka, basi. Za kwawo mlembi analibe nazo ntchito. Mu 1645 Richard Ingle, woyendetsa chombo wa Chipulotesitanti, anafunkha dzikolo, mapepala ena anawonongeka, White ndi Copley anawatengera ku England atamangidwa unyolo. Apulotesitanti atalanda boma mu 1689, Akatolika anabwereranso kopemphera m'nyumba, ndipo mu 1718 anawalanda ufulu wovota.

Pali msampha umene ine ndimaona kuti umakola anthu ambiri: kuganiza kuti kholo limene linamwalira lili Mkatolika linanyamukanso lili Mkatolika. Antchito ambiri a m'zombo zoyambazo anali Apulotesitanti, ndipo kalata ya Ajezwiti ya 1638 imanena kuti pafupifupi Apulotesitanti onse amene anafika chaka chimenecho anatembenuka kukhala Akatolika. Munthu wotere sungamupeze mu Recusant Rolls ngakhale utasanthula zaka khumi. Msampha wina ndi dzina lofanana. Ukapeza banja lotchuka la dzina lako ku Lancashire, mtima umathamanga, koma popanda wilo yotchula "m'bale wanga amene ali ku Maryland", kapena mlandu wa cholowa, kapena kalata, ubalewo ndi wongolakalaka.

Wantchito wosauka amene anagulitsa zaka zinayi kapena zisanu za moyo wake kuti awoloke nyanja kawirikawiri amangotulukira pamzere umodzi wa buku la malo. Mathias de Sousa, wa magazi a ku Africa, analembedwa chomwecho pakati pa anthu amene Ajezwiti anawabweretsa pa ulendo woyamba uja. Atamasuka ankayendetsa ngalawa yogula zikopa kwa eni dziko, ndipo mu 1642 dzina lake likupezeka pa msonkhano wa malamulo wa Maryland. Mlembi analemba mtundu wa khungu lake, koma kwawo sanalembe.