Kodi maganizo amapita kuti tikakugonetsani?

Pa ntchito yanga yogonetsa odwala asanachitidwe opaleshoni, pali funso limodzi limene ndalimva kambirimbiri. Munthu akangotsegula maso, lilime lidakali lolemera, amati: "Adokotala, muyamba nthawi yanji?" Pamenepo n'kuti opaleshoni itatha, bala titasoka, wotchi yapakhoma itayenda maola atatu. Kwa iye maola atatuwo kulibe. Wogona tulo wamba akadzuka amadziwa ndithu kuti papita nthawi, koma uyu ayi. Mphindi imene ndinamuuza kuti akoke mpweya ndi mphindi imene watsegula maso zalumikizana popanda msoko.

Chachita zimenezi ndi timadzi toyera, mankhwala otchedwa propofol, okwana mu jakisoni mmodzi. Ndikawalowetsa mumtsempha, mphindi imodzi isanathe munthu yense uja wazimiririka, pamodzi ndi nkhawa zake za ana ndiponso pemphero limene amanong'ona. Ngati kanthu kogwirika, koyezeka pasikelo, kangathe kuzimitsa maganizo chotere, ndiye maganizowo n'chiyani?

Akale ambiri akafunsidwa zimenezi sankaloza kumutu. Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Girisi wakale, ankaphunzitsa kuti munthu amaganiza ndi mtima, ubongo ntchito yake n'kuziziritsa magazi basi. Anthu a ku Aigupto pokonza mitembo ankatulutsa ubongo kudzera m'mphuno, koma mtima ankausiya m'malo mwake. Ifenso mpaka lero timati "ndinati chamumtima", "ali ndi mitima iwiri", "khazika mtima pansi". Ine sindiwaseka akalewo. Mantha akakugwirani, mtima ndi umene umagunda kuti thi thi thi, pamene ubongo uli phee. Ubongo sumva n'komwe ululu ukamadulidwa.

Amene anasintha zinthu ndi odwala. Mu 1861 ku Paris, dokotala Paul Broca anaona bambo wina amene ankamva zonse zomuuza koma pakamwa pake pankangotuluka liwu limodzi, "tan". Atamwalira, Broca anapeza kuti kachigawo kena kakutsogolo, kumanzere kwa ubongo wake, kanawonongeka. Kenako, kuyambira m'ma 1930, dokotala Wilder Penfield ku Montreal, m'dziko la Canada, ankachita opaleshoni anthu a khunyu ali maso, n'kumakhudza ubongo wawo ndi kawaya ka magetsi ochepa. Akakhudza apa, chala chinkagwedezeka. Akakhudza apo, munthu ankamva kunyerenyetsa pamlomo. Ena ochepa ankamva nyimbo, kapena kuona ngati abwerera pamalo pamene anakhalapo kale. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti dzanja likasuntha, odwalawo ankakana kuti alisuntha okha. Ankati ndi adokotala. Penfield mwiniwake, atakalamba, anafika pokhulupirira kuti ubongo pawokha sungalongosole zonse za maganizo. Madokotala ambiri anzake sanagwirizane naye, koma palibe anganene kuti ubongo sankaudziwa.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo uli ndi maselo a minyewa okwana pafupifupi 86 biliyoni. Pa kulemera kwa thupi lonse ndi 2 peresenti yokha, koma munthu akakhala chete umadya 20 peresenti ya mphamvu zake. Maselowa amatumizirana uthenga ndi timphamvu ta magetsi, ndipo pamene selo lakumana ndi linzake pali kampata kakang'ono kwambiri kamene uthenga umadumpha ndi timadzi tapadera. Timadzi tina timauza selo lotsatira kuti "yankhula", tina timati "khala chete". Mwa toletsato, todziwika kwambiri ndi GABA, ndipo propofol ntchito yake n'kuwonjezera mphamvu ya GABA.

Apa m'pamene anthu ambiri amasochera. Amaganiza kuti tikagonetsa munthu ubongo umazima ngati babu. Suzima. Maselo amapitiriza kugwira ntchito, ndipo khutu likamva phokoso uthenga umafikabe kumbali ya ubongo yolandira mawu. Chimene chimaduka ndi kumvana kwa zigawo.

Akatswiri ofufuza za ubongo Marcello Massimini, Giulio Tononi ndi anzawo anaonetsa zimenezi mooneka bwino mu 2005. Ankaika chipangizo cha maginito pamutu pa munthu, n'kugogoda ubongo kamodzi ngati mmene mungagogodere ng'oma, kenako n'kumvetsera ndi makina a EEG, oyeza mafunde a magetsi a mu ubongo, mmene kugogodako kwayendera. Munthu akakhala maso, kamphamvu kaja kankayenda kuchoka chigawo china kupita china, kukhotakhota, kubwerera, kusintha maonekedwe. Akakhala m'tulo tofa nato, malo ogogodedwawo ankayankha mwamphamvu ndithu, koma zinkathera pomwepo. Pambuyo pake anayesa anthu opatsidwa propofol, ndipo anapeza zofananazo. Koma atayesa ketamine, mankhwala ena amene timagonetsera, zinatuluka zosiyana. Munthu wa ketamine sayankha mukamuitana, komabe ambiri akatsitsimuka amasimba maloto aatali odabwitsa. Mwa anthu amenewa kugogoda kuja kunkayenda mozungulirazungulira, pafupifupi ngati mwa munthu amene ali maso.

N'chifukwa chake ine ndinaleka kufunsa kuti maganizo amakhala pati. Taganizani za gulu la oimba: onse alipo, palibe wachoka, aliyense akung'ung'udza zake, koma sakumverana. Nyimbo yapita kuti? Sinapite kulikonse, chifukwa sinali katundu woti n'kuikidwa pena pake. Inali chinthu chimene anthuwo ankachita pamodzi. Umboni umene tili nawo ukuloza kuti kuganiza kuli chomwecho: ndi ntchito imene ubongo wamoyo umachita zigawo zake zikamamvana.

Alipo amene amati thupi ndi maganizo ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, china chogwirika, china chosagwirika. René Descartes, katswiri wa nzeru wa ku France, ndi amene anaika mfundoyi momveka bwino, ndipo ankati ziwirizi zimakumana pa kachiwalo kakang'ono kapakati pa ubongo kotchedwa pineal. Mu 1643 mwana wamkazi wa mfumu, Elisabeth wa ku Bohemia, anamulembera kalata yomufunsa kuti chinthu chopanda kukula, chosatha kukhudza kanthu, chingakankhe bwanji thupi kuti lisunthe. Mayankho a Descartes sanamukhutiritse. Ine ndingawonjezere funso langa la m'chipinda cha opaleshoni: chinthu chosagwirikacho chimagonja bwanji ndi jakisoni?

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yathera pamenepo. Mu 1714 katswiri wina wa nzeru, Gottfried Leibniz, anapereka chitsanzo chimene mpaka lero chimandiluma. Anati tiyerekeze kuti pali makina otha kuganiza ndi kumva, ndiye tawakulitsa kufika pa msinkhu wa chigayo kuti tilowemo. Mkatimo tidzaona zitsulo zikukankhana, koma kumva kwenikweniko sitidzakuona. Lero chigayocho tinalowamo. Tingathe kulondola uthenga kuchokera pachala chopsa ndi moto mpaka ku ubongo, n'kutchula selo ndi timadzi tonse ta panjira. Koma kuwawa kwakeko, mmene kumamvekera kwa mwini chala, pamakina sikuoneka. Katswiri wa nzeru David Chalmers mu 1995 anatcha limeneli "vuto lovuta", kulisiyanitsa ndi mafunso a mmene ubongo umaonera, kukumbukira kapena kusankha. Akatswiri ena amati vutoli lidzasungunuka lokha sayansi ikamapita patsogolo, ena amati likusonyeza kuti kamvedwe kathu ka zinthu zogwirika n'koperewera. Mkanganowo udakali mkati. Ine ndimaona kuti kunena kuti maganizo amadalira ubongo ndi chinthu chimodzi, ndipo n'chotsimikizika. Kunena kuti talongosola chifukwa chake ubongo umamva ndi chinthu china, ndipo amene amaphatikiza ziwirizi amathamanga.

Kwa ife ogonetsa anthu, imeneyi si nkhani ya m'mabuku chabe. Makina anga amandiuza kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, mpweya, mwinanso mafunde a ubongo. Zonsezi ndi zizindikiro zakunja. Ndiponso pa maopaleshoni ambiri timapereka mankhwala ena ofooketsa minofu, moti munthu sangathe ngakhale kuphethira. Mu 1977 dokotala Michael Tunstall wa ku Aberdeen anapeza njira yofunsira munthu wotere. Ankamanga mkono mmodzi mwamphamvu asanapereke mankhwala ofooketsawo, kuti asafike kudzanja. Kenako, opaleshoni ili mkati, ankauza wodwala kuti afinye dzanja. Ena ankafinyadi. Ndipo kafukufuku wotsatira njirayi wakhala akusonyeza kuti ambiri mwa ofinyawo, akatsitsimuka, sakumbukira chilichonse.

Choncho munthu akandifunsa kuti tiyamba nthawi yanji, chimene ndatsimikiza n'chakuti palibe chimene wasunga. Kusakumbukira ndi kusakhalapo ndi zinthu ziwiri, ngakhale kwa mwiniwake zimaoneka ngati chimodzi. N'chifukwa chake mlingo wa mankhwala ndimauyang'anira mphindi iliyonse, m'chipindamo sindilola nthabwala zonena wodwala, ndipo nthawi yodzutsa ikayandikira ndimamuitana ndi dzina lake, n'kumuuza kuti zatha, ngakhale maso ake adakali otseka.